Fast, quick, rapid, swift: bwanji Chingerezi chili ndi mawu ambirimbiri a liwiro?

Munthu akadwala ku England, anzake amamulembera kakhadi komufunira "speedy recovery". Nkovuta kupeza wolemba "fast recovery", ngakhale dikishonale ikuuzani kuti "speedy" ndi "fast" n'chimodzimodzi. Wofuna kufunsa kanthu kakang'ono mu ofesi amasuzumira pakhomo n'kunena kuti ali ndi "quick question". Atati "fast question" amumva ndithu, koma eni chinenero adziwa pompo kuti uyu ndi wobwera. Tchipisi ndi nkhuku zogula pawindo ndi "fast food". Kachipangizo koyezera malungo kuchipatala ndi "rapid test". Nduna ikamaopseza kuti akuba aona zakuda, imalonjeza "swift action". Mawu asanu onsewa akunena za kufulumira, koma liwu lililonse lili ndi pake, ndipo ukawasinthanitsa chiganizo chimatsimphina.

Ophunzira ambiri amayesa kuti mawuwa amasiyana pa kukula kwa liwirolo: kuti mwina "quick" ndi kuthamanga pang'ono, "fast" kuonjezerako, "rapid" ndiye liwiro la mtondo wadooka. Si choncho ayi. Chimene mawuwa amaulula kwambiri ndi wolankhulayo: ali pamalo otani, akuyamikira kapena akudzudzula, akuyeza mtunda kapena akuwerenga nthawi. Kuti zimenezi zimveke bwino pafunika kubwerera kumene mawuwo adachokera, chifukwa atatu otchuka kwambiri mwa iwo poyamba sankanena za liwiro n'komwe.

Tiyambe ndi "fast". Zaka 1,000 zapitazo liwuli linkanena za chinthu cholimba, chokhazikika, chosagwedezeka. Inde, chinthu chosayenda. Tanthauzo limenelo likadalipo mpaka lero, kungoti sitiliona chifukwa tidalizolowera. Mukakwera ndege amakuuzani kuti "fasten your seat belt", mangani lamba. Mwana amene ali m'tulo tofa nato ali "fast asleep". Lole yotitimira m'matope ili "stuck fast". Nsalu yosasuluka pochapa ndi "colour-fast", ndipo munthu wosasunthika pa chikhulupiriro chake ndi "steadfast". Ngakhale kusala kudya, kumenenso amakutchula "fast", kudaphuka pa tsinde lomweli, kugwiritsitsa lamulo osalitaya. "Breakfast" ndi chakudya chodula kusala kwa usiku wonse.

Nanga liwiro lidalowera pati? Lidalowera pa kulimbikira. Anthu ankati wina wagwira "fast", wamenya nkhondo "fast", wathamanga "fast", kutanthauza mwamphamvu ndi mosalekeza. Tsono wothamanga mwamphamvu ndiye amene amasiya anzake. Pofika cha m'ma 1200 tanthauzo latsopanoli linali litayamba kumveka, ndipo akatswiri ena amati chinenero cha a Viking, ankhondo a panyanja ochokera ku Scandinavia, chidathandizirapo. A Viking adayamba kuukira magombe a England cha kumapeto kwa zaka za m'ma 700, kenaka n'kukhazikika kumpoto ndi kum'mawa kwa dzikolo, ndipo liwu lomweli m'chinenero chawo linkanenanso za kuchita chinthu mwamphamvu. Zotsatira zake n'zakuti lero boti lomangidwa "fast" silisuntha, pomwe boti loyenda "fast" limangosiya thovu m'mbuyo. Liwu limodzi, matanthauzo otsutsana, ndipo Angerezi sadabwa nazo.

"Quick" mbiri yake ndiyokomanso kuposa apa. Kalelo linkalembedwa "cwic", ndipo linkatanthauza wamoyo. Baibulo la Chingerezi la King James, la mu 1611, pa 2 Timoteo 4:1 limati Khristu adzaweruza "the quick and the dead". Mwana wa Sande sukulu wa masiku ano angayese akunena za othamanga ndi akufa, chikhalirecho akunena amoyo ndi akufa. Chitsulo chamadzimadzi chimene chinkakhala m'mathemometa akale ankachitcha "quicksilver", siliva wamoyo, chifukwa ukachitayira patebulo chimayendayenda chokha. "Quicksand" ndi mchenga wamoyo, womeza woupondayo. Mayi woyembekezera akamva mwana akugunda m'mimba koyamba, madokotala amati ndi "quickening". Kamnofu ka pansi pa chikhadabo, kamene kamapweteka ukawenga mopitiriza, ndi "the quick". Chamoyo chimayankha ukachikhudza, ndipo khalidwe limenelo "quick" lidakali nalo: limanena za kuchangamuka, kuyankha msanga, kusazengereza. Wochenjera pakamwa ndi "quick-witted". Wamtima wapachala ndi "quick-tempered". Galimoto ilibe mtima wapachala, n'chifukwa chake mwachizolowezi imakhala "fast".

"Speed" nalo linkanena za kupambana, zinthu kukuyendera bwino. Potsazika wapaulendo ankati "Godspeed", osati kuti Mulungu akuthamangitse, koma kuti akupambanitse. Mwambi wawo wakuti "more haste, less speed" umamveka ngati ukudzitsutsa ukaumva ndi makutu a lero, koma ndi tanthauzo lakaleli ukunena zomwe makolo athu adanena kuti fulumira adadya gaga. Ine ndimaona ngati kafungo ka mafuno abwino kameneka ndi kamene kamachititsa "speedy" kukonda kuyenda ndi zinthu zomwe timafunira munthu wovutika: kuchira msanga, kapena kuzengedwa mlandu msanga. Malamulo aakulu a dziko la America, m'ndime yachisanu ndi chimodzi mwa zimene adaonjezera mu 1791, amalonjeza woimbidwa mlandu "speedy and public trial".

Mawu atatuwa, pamodzi ndi "swift", ndi a pansi penipeni pa Chingerezi, ochokera kwa Angle ndi Saxon amene adaoloka nyanja kuchoka kumpoto kwa Germany ndi Denmark cha m'ma 400. Pamwamba pawo padadzagwa ena. Mu 1066 William wa ku Normandy, dera la kumpoto kwa France, adagonjetsa England, ndipo kwa zaka pafupifupi 300 Chifalansa ndicho chinali chinenero cha kunyumba ya mfumu ndi kubwalo la milandu. "Haste" lidalowa nthawi imeneyo. Kenaka m'zaka za m'ma 1500 ndi 1600 anthu ophunzira adatapa mawu ochuluka m'Chilatini, monga "accelerate", "expedite" ndi "rapid". Mawu akalewo sadachotsedwe. Atsopanowo adangokhala pambali pawo n'kugawana ntchito. Zili ngati zovala za munthu mmodzi: ali ndi za kudimba, za kumsika, ndi suti ya ku ukwati. "Speed up" ndi "accelerate" n'zofanana tanthauzo, koma makaniko amanena loyambalo, lipoti la banki limalemba lachiwirilo. Wouza mkazi wake kuti "expedite" nsima ndiye kuti akuseka, apo ayi akufuna kugona ndi njala.

"Rapid" lidachokera ku mneni wa Chilatini "rapere", kutsomphola kapena kulanda, komwenso kudachokera "raptor", dzina la mbalame zolusa monga mphamba ndi chiombankhanga. Poyamba linkanena za madzi okokolola zonse, ndipo malo amene mtsinje umathamanga pamiyala amatchedwa "rapids". Ndi malo otere, a Kebrabasa pa Zambezi, amene adatsekereza sitima ya David Livingstone mu 1858, iye n'kukhotera ku Shire. Lero liwuli limakonda zinthu zosintha mwamsanga zimene anthu a malipoti amaziyeza: "rapid population growth", "rapid urbanisation", "rapid response". Silikonda kuikidwa pa munthu, ngakhale anyamata okonda mpira ku England amati wosewera wakutiwakuti "is rapid", ndipo kukoma kwake kuli pomwepo, kuti atenga liwu la mu ofesi n'kuliveka nsapato za mpira.

Taonani bwino "rapid test" ya malungo ija. Dokotala kapena nesi apukuta chala ndi thonje, abaya, atenga kadontho ka magazi n'kukaika pakabowo ka kapulasitiki koyera, adontheza timadzi pakabowo kena, n'kukuuzani kuti dikirani panja. Pakatha mphindi 15 kapena 20 paoneka mzere umodzi kapena iwiri. Pa zonsezi palibe chathamanga. Magaziwo amachita kukwawa pakapepala. Chimene chafupika ndi nthawi yodikira, poyerekeza ndi kupita ndi magazi ku labu kuti akawaone pa maikulosikopu. Apa ndiye pali mpatuko waukulu wa mawuwa. Ena amayeza mtunda umene chinthu chikudya pa nthawi, ena amangowerenga kuti chinthu chatenga nthawi yochepa bwanji. "Fast" nthawi zambiri ndi la mtunda. "Quick" ndi la nthawi. "Quick shower" ndi kusamba kwa mphindi zochepa, ndipo wosambayo waima malo amodzi. "Quick look" ndi kuponyako diso. Sitima ya pamtunda ikhoza kukhala "fast" koma ulendo wake osakhala "quick" ngati mtunda ndi wautali.

Amasewero amasiyanitsa mawu awiriwa mosamala kuposa aphunzitsi. Usain Bolt wa ku Jamaica adathamanga mamita 100 m'masekondi 9.58 ku Berlin mu 2009, ndipo chapakati pa mpikisanowo ankapita pa liwiro loposa makilomita 44 pa ola. Palibe angakane kuti anali "fast". Koma pokhala chiphona cha munthu, pafupifupi mamita awiri kutalika, sankadziwika ndi kunyamuka bwino mfuti ikalira. Anzake aafupi kawirikawiri ankayamba ndiwo kutsogola, iye n'kumawapeza m'njira. Pamenepo aphunzitsi a masewero amati iwo anali "quick", iye anali "fast". Okonda magalimoto amachitanso chimodzimodzi: galimoto yofika pa liwiro la makilomita 100 pa ola m'masekondi ochepa ndi "quick", yotha kufika pa 300 ndi "fast".

Za "accelerate" pali msampha umene umakola ana a fomu 3. Pamsewu liwuli limatanthauza kuponda moto. M'kalasi ya fizikisi limatanthauza kusintha kulikonse kwa liwiro kapena kwa kumene chinthu chikulowera. Woponda mabuleki akuchita "accelerate". Minibasi yozungulira pa raundabauti pa liwiro losasintha nayonso ikuchita "accelerate", popeza ikukhota. Mwala ukamagwa liwiro lake limaonjezekera ndi mamita pafupifupi 9.8 pa sekondi, sekondi iliyonse. "Velocity" nalo kwa anthu wamba ndi "speed" wovala tayi, koma kwa asayansi ndi liwiro lotchulidwa pamodzi ndi kolowera.

Tsopano za kuyamikira ndi kudzudzula, zimene dikishonale imazinena mwachidule koma ndizo zimakhumudwitsa anthu. Bwana akati chiganizo chanu chinali "quick", wangonena kuti simudachedwe. Akati chinali "swift" kapena "prompt", wakuyamikirani: mudachita pa nthawi yake, mwaukhondo. Akati chinali "hasty", wakudzudzulani kuti mudapupuluma. Akati ntchito yanu ndi "rushed", akunena kuti mudangoiwaula. Mphindi zimene mudatenga n'zomwezo pa ziganizo zonsezi. Chasintha ndi nkhope ya bwanayo. "Hurry" limanena za mtima wa munthu kuposa miyendo yake: wokhala pamzere wa ku banki osasuntha akhoza kukhala "in a hurry". "Brisk" ndi la kuyenda ndawala kwa munthu wathanzi, kapena malonda oyenda bwino. "Swift" lili ndi kaulemu kake, mwina chifukwa ndi dzinanso la mbalame yofanana ndi namzeze imene imachoka ku Ulaya kudzathera nyengo yozizira ya kumeneko kuno ku Africa. Mabanki atakhazikitsa bungwe lawo lotumizirana mauthenga a ndalama ku Belgium mu 1973, adasanja zilembo za dzina lake kuti zipange SWIFT. Amene adadikirapo ndalama zochokera kunja masiku atatu angaweruze okha ngati dzinalo lidayenera.

"Speeding" palokha ndi mlandu. Ku Britain ndi ku America wapolisi akakuimitsani chifukwa cha "speeding", sakukuyamikirani. Akunena kuti mwapitirira malire. Kuno kwathu, monganso ku India ndi maiko ena a mu Africa, nyuzipepala ndi malipoti a ngozi amalemba "overspeeding". Ine sindiona chochitira manyazi pamenepa, popeza aliyense amamva, ndipo Chingerezi chilibe mwini mmodzi masiku ano. Koma wolemba mayeso a Chingerezi cha kunja kapena kalata yopita ku London achotse "over" ameneyo. Achotsenso "-ly" pa "fastly": "fast" limagwira lokha ntchito ya mfotokozi ndi ya muonjezi yomwe.

Pali gulu lina la mawu limene limatopetsa ophunzira, aneni ofotokoza kathamangidwe: "dash", "dart", "bolt", "sprint", "scurry", "scamper", "zoom", "whizz", "hurtle", "tear". Lililonse lili ndi chithunzi chake. "Dart" ndi kuti psiti, kamtunda kochepa, ngati buluzi. "Scurry" ndi timapazi tambiri ta mbewa kapena ta munthu wamantha. "Scamper" ndi la ana ndi tiana ta mbuzi, mosewera. "Hurtle" ndi la chinthu cholemera chimene palibe angachiimitse, ngati lole yoduka mabuleki pa mtsetse. "Bolt" ndi kuti phazi thandize mwadzidzidzi, ndipo nalonso, monga "fast", lili ndi nkhope ziwiri: poyamba linali muvi waufupi wa uta, kenaka lidakhala chitsulo chotsekera chitseko, choncho limanena za kuthawa ndi kutseka komwe. "Zoom" ndi "whizz" adangotengera phokoso.

Kuchuluka kwa aneni oterewa si ngozi. Katswiri wa zinenero wa ku America, Leonard Talmy, adaonetsa m'zaka za m'ma 1980 kuti zinenero zimagawa ntchito mosiyana pofotokoza kuyenda. Chingerezi chimaika kayendedwe mkati mwa mneni, kolowera n'kukuponya pa kaliwu kotsatira: "he dashed out", "she darted across". Chifalansa ndi Chisipanishi zimaika kolowera mu mneni, kayendedwe n'kudzaonjezera ngati pakufunika. Chichewa pa nkhani iyi chimatsamira kwa Afalansa: timati adatuluka akuthamanga, adaoloka mothamanga. Chithunzi chimene Mngerezi amachibisa mu mneni ife timachitulutsa poyera ndi mvekero ndi zining'a, kuti adangoti vuu, adaliyatsa, adali chitaye. Mnzake wa Talmy, Dan Slobin, adapatsa ana a zinenero zosiyanasiyana buku la zithunzi zokhazokha kuti afotokoze nkhani yake, ndipo adapeza kuti ana olankhula Chingerezi amatchula kayendedwe kawirikawiri kuposa olankhula Chisipanishi. Choncho Mchewa akamati "he went out running" sakulakwitsa galamala; akungomanga chiganizo cha Chingerezi pa maziko a kwawo.

Mawu amene ndimawakayikira kwambiri ndi a mu ofesi. "Expedite" lidachokera ku Chilatini "ex" ndi "pes", kumasula phazi mu msampha. Mnzake wotsutsana nalo ndi "impede", kukola phazi. Liwu lokongola, koma kalata yomaliza ndi "kindly expedite" nthawi zambiri imalembedwa ndi munthu amene fayilo yake yagona miyezi. M'zaka za m'ma 1500 Angerezi ankalemba pa makalata ofunika kuti "haste, post, haste" polamula wokwera hatchi, ndipo mpamene padachokera "posthaste". Lero timalemba ASAP, chidule cha "as soon as possible", limene limamveka ngati lamulo koma likunena kuti pamene kungatheke, osatchula tsiku. Madokotala ali ndi lawo losanyengerera, "stat", chidule cha Chilatini "statim", pompano. "Pronto" lidalowa kudzera ku Chisipanishi cha ku America. "Chop-chop" lidachokera ku Chingerezi chosakaniza cha amalonda a m'madoko a China m'zaka za m'ma 1800, ndipo limamvekabe ngati la bwana kwa wantchito, musaliyese pa apongozi. "Rush hour" ndi nthawi imene magalimoto amayenda ngati kamba. Asilikali a ku America, odziwa bwino za malamulo ofulumiza, ali ndi chining'a chawo: "hurry up and wait".

Nthawi zina kusamveka kwa mawu otere kumasanduka nkhani ya miyoyo ya anthu. Mu 1954 khoti lalikulu la America, pa mlandu wa Brown v. Board of Education, lidagamula kuti kulekanitsa ana akuda ndi azungu m'sukulu za boma n'kosemphana ndi malamulo. Chaka chotsatira lidanena za kachitidwe kake, kuti sukulu zisakanizidwe "with all deliberate speed". "Deliberate" ndi kuchita modekha, moganizira. "Speed" ndi kufulumira. Akuluakulu a madera a kumwera adagwiritsitsa liwu loyambalo n'kuiwala lachiwiri. Boma laling'ono la Prince Edward ku Virginia lidafika potseka sukulu zake zonse za boma kuyambira 1959 mpaka 1964 m'malo mosakaniza ana. Mpaka mu 1969 mpamene khotilo lidanena mosabisa kuti muyezo umenewo watha ntchito, sukulu zisakanizidwe "at once". Ana amene adali sitandade 1 pa chigamulo choyamba anali atamaliza sukulu.

Kumbali inayo kuli "fast track", njira yodumpha mzere. Boma la Zimbabwe lidatcha ntchito yake yolanda ndi kugawa mafamu, imene idayamba mu 2000, Fast Track Land Reform Programme. Dzinalo lidali loona, zidachitikadi mofulumira, ndipo pakati pa antchito a m'mafamu amene adataya ntchito ndi pokhala padali ambiri amene makolo awo adachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, opanda mudzi wobwererako m'dzikomo. Apa "fast" silikuyamikira kapena kudzudzula. Womva ndiye amasankha, malinga ndi mbali ya mpanda imene adaima.

Amene ali ku Joni ali ndi phunziro lina loti aphunzire msanga. Chingerezi cha ku South Africa chili ndi "now", "now-now" ndi "just now", ndipo palibe limene likutanthauza pompano mosakayikitsa. "Now-now" ndi posachedwa, mwina mphindi zingapo, mofanana ndi m'mene ife timabwerezera liwu kuti msangamsanga. "Just now" ndi kutsogoloko, nthawi ina. Mnyamata wongofika kumene, amene kusukulu adaphunzira Chingerezi cha ku Britain, bwana akamuuza kuti "I'll pay you just now" amaima pageti kudikira, dzanja lili m'thumba. Kwa munthu wa ku London "just now" ndi zimene zangochitika kumene. Kwa wa ku Johannesburg ndi zimene sizidachitike, ndipo sakulonjeza kuti zichitika lero.